Kwerani mtunda wa Thabwa mukafunse za udokotala mwana asanalowe Fomu 3

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'mabanja ena ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje nkhani ya sukulu ya udokotala imayamba tsiku lomwelo. Mwana wakhoza ndi mapointi okoma, ndipo amalume ake ayamba kale kumuitana kuti adokotala. Patapita miyezi, chikalata choitana anthu ofuna malo ku yunivesite chikatuluka, m'pamene zimaoneka kuti mwanayo sanalembe Chemistry, kapena kuti pa Mathematics anapeza 7. Zikafika apa palibe ofesi imene ingakonze kanthu. Funso limene likanamupulumutsa linayenera kufunsidwa zaka ziwiri m'mbuyomo, pomwe ankasankha maphunziro a Fomu 3.

N'chifukwa chake tikunena kuti mwana wa m'chigwa chino cha Shire amene akufuna udokotala akwere mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre, akaonane ndi a ofesi yolemba ophunzira ku sukulu ya udokotala, ndipo apite msanga. Anthu ambiri amaganiza kuti ulendo wotere ndi wa munthu amene ali ndi satifiketi m'manja. Ife tikuti wopindula nawo kwambiri ndi amene akumaliza Fomu 2, chifukwa iyeyo akadali ndi mpata wosintha zinthu.

Tiyambe tachotsa chinyengo chimodzi. Munthu wa mu ofesi ija sangakulowetseni sukulu. Madokotala m'dziko muno akuphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, yomwe inayamba mu 2021 pomwe College of Medicine, yotsegulidwa mu 1991, inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Koma womaliza Fomu 4 sapereka fomu yake kwa munthu wa pa KUHeS kuti amuganizire. Amadzera ku National Council for Higher Education, NCHE, komwe kusankhira ophunzira ku mayunivesite onse a boma kumayendera pamodzi. Kusankha motengera boma lomwe munthu akuchokera kunathetsedwa mu 2020, choncho mwana wa ku Makhanga akulimbirana malo ndi mwana wa sukulu ya mtauni yokhala ndi labotale yodzaza, ndipo chowalekanitsa chachikulu ndi magiredi. Wina angafunse kuti nanga n'kuvutikiranji ulendo ngati munthu wa mu ofesiyo alibe mphamvu pa dzina lako. Yankho n'lakuti ali ndi chinthu china chimene kuchigwa kuno n'chosowa: amadziwa bwino lomwe mmene malamulo olembedwa aja amagwirira ntchito fomu ikafika patebulo.

Taonani nkhani ya mapointi. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amene timaimbira nthungululu ndi kuphatikiza kwa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, English ili momwemo. Koma kosi iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imayang'ana, ndipo ku udokotala ndi Biology, Chemistry, Physics ndi Mathematics, pamodzi ndi English. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi 12 atawatola ku Chichewa, Bible Knowledge, Social Studies, Agriculture ndi Geography, mudzi wonse n'kuvina, koma ku udokotala fomu yake n'kusawerengedwa n'komwe. Mnzake wa mapointi 16 amene 1 ndi 2 wake ali pa masayansi ndiye ali pamzere. Makolo ambiri sadziwa zimenezi. Ena amene analemba kale amakumbukira Physical Science ngati phunziro limodzi, osadziwa kuti tsopano linagawidwa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha, ndipo mwana akhoza kusiya limodzi osazindikira kuti watseka khomo.

Apa m'pamene vuto la chigwa chino lili. Ana athu ambiri ali m'masukulu a CDSS, ndipo si onse amene ali ndi labotale kapena mphunzitsi wa Physics ndi Chemistry. Pena phunzirolo lili pa ndandanda koma ana amafika pa mayeso a practical asanagwirepo botolo la asidi kapena kulumikiza waya pa batire. Pena aphunzitsi, pofuna kuti sukulu ikhoze bwino, amalangiza ana kuti asiye Physics atenge phunziro lofewerapo, ndipo malangizowo ndi abwinodi kwa amene akungofuna satifiketi. Kwa wofuna udokotala ndi imfa ya maloto ake. Banja likadziwa izi mwana ali Fomu 2, lili ndi zochita: kupempha transifa kupita ku sukulu yomwe ili ndi masayansi onse, kupeza mphunzitsi wa pa sekondale yoyandikana woti azimuthandiza Loweruka, kapena kupempha ahedi kuti agwirizane ndi sukulu ina kuti ana azikachitako ma practical. Likadziwa mwana atalemba kale, chotsala n'kubwereza, ndipo kubwereza kuli ndi malamulo ake amene nawonso ndi oyenera kufunsa.

Ulendowo wokha si wovuta kuukonza, koma ambiri amauwononga asananyamuke. Osangodzuka n'kukwera minibasi. Ahedi alembe kalata yachidule pa pepala la sukulu yopita ku ofesi yolemba ophunzira ija, ya Registrar, yonena kuti akubwera ndani, ndi angati, ali kalasi yanji, ndipo akufuna kumva za chiyani. Kenako imbani foni pa nambala yomwe ili pa tsamba la intaneti la yunivesiteyo, osati nambala imene wakupatsani munthu pa WhatsApp, n'kupempha tsiku. Pewani masabata amene ophunzira atsopano akulembetsa, a mayeso, ndi amene mayina a osankhidwa angotuluka kumene, chifukwa nthawi zimenezo pakhomo pamakhala mzere ndipo mudzayankhidwa choimirira. Kampasi yomwe inali College of Medicine ili mu msewu wa Mahatma Gandhi ku Blantyre, moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Kuchokera pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, moti munthu atha kupita n'kubwerera tsiku lomwelo. Wochokera ku Nsanje, komwe ndi mtunda woposa makilomita 170, anyamuke kusanache kapena akonze kogona, ndipo asapangane nthawi ya m'mamawa kwambiri. Wa ku East Bank, mbali za Muona ndi Makhwira, aganizirenso za msewu: nthawi ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo ndiyo imalamula tsiku loyenda, osati kalendala.

Polowa mu ofesi, wolankhula akhale mwanayo. Tikudziwa kuti mwambo wathu umati wamkulu ndiye ayambe, ndipo bambo kapena amalume apereke moni ndi kufotokoza kuti achokera kuti. Akatero akhale chete. Mwana amene akufuna kudzafunsa odwala za m'thupi mwawo ayambire pano kufunsa munthu wachilendo funso lomveka. Abwere ndi kope lolembamo mafunso kale, ndipo mayankho awalembe pomwepo, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la ofesi imene yayankha.

Mafunso ake asakhale a "kodi ndingatheke?" Funso lotere limabweretsa yankho laulemu lopanda kanthu, loti limbikirani sukulu. Afunse zinthu zokhala ndi nambala. Ndi maphunziro ati enieni amene amawerengedwa pa kosi ya MBBS, yomwe ndi digiri ya udokotala, ndipo giredi yotsikitsitsa yololedwa pa lililonse ndi iti? Kupatula giredi yololedwa, amene anatengedwa chaka chatha anali ndi magiredi otani? Mafunso awiriwa ndi osiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumagwetsa anthu. Kirediti imakulola kupereka fomu, koma malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, choncho mzere umadukira pamwamba kwambiri kuposa pamene lamulo lalemba. Afunsenso ngati magiredi a mayeso olembedwa maulendo awiri amaphatikizidwa, komanso ngati satifiketi imakhala ndi malire a zaka zomwe ingagwire ntchito posankha. Funso lomalizali ndi lofunika kwa ana athu amene amakhala chaka kapena ziwiri akugwira ganyu m'minda ya nzimbe kapena akugulitsa nsomba kuti apeze ya fomu, n'kumaganiza kuti satifiketi idikira.

Pali mafunso enanso a moyo wa mkati mwa sukuluyo amene chikalata choitana sichifotokoza. Wochokera ku MSCE sayamba udokotala tsiku loyamba. Amayamba ndi chaka chokonzekera, chimene ambiri amachitcha premed, chobwereza masayansi mozama, kenako zaka zisanu za MBBS. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa m'zipatala zikuluzikulu asanalembedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Banja lidziwe kuti likulowa m'ulendo wa zaka zoposa zisanu ndi ziwiri mwana asanayambe kuima payekha. Afunse kuti wolephera phunziro limodzi m'chaka chokonzekera amatani naye: amalemba mayeso obwereza, amabwereza chaka, amasamutsidwira ku kosi ina, kapena amachotsedwa? Afunse fizi ya chaka chimenecho, ngati malo ogona a pasukulu amakwanira aliyense, ndi ndalama zomwe wophunzira amawononga pa chakudya, mabuku, laputopu, chovala choyera ndi choyezera pachifuwa. Za ngongole ya boma afunse mwapadera. Ngongoleyi imachokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ili ndi fomu yakeyake ndi nthawi yakeyake, ndipo kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti waipeza. Mabanja ena amagulitsa ng'ombe mothamanga, pa mtengo wolira, sabata yotsegulira sukulu, pomwe akanadziwa kale akanagulitsa pa nthawi yabwino pa msika wa Ngabu kapena Bangula.

Tsopano mapepala. Nkhani iyi kuchigwa kuno ili ndi kulemera kwake. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anatenga nyumba zambiri pamodzi ndi masutikesi osungiramo mapepala. Amene satifiketi yake inapita ndi madzi afunse ngati yunivesite imalandira kalata yotsimikizira zotsatira yochokera ku MANEB, ndipo ayambe kuitsatira ku Zomba miyezi ingapo fomu isanatuluke. Vuto lina lofala ndi la mayina. Mwana analembetsa ku pulayimale ndi dzina la agogo ake amene ankamulera, pa chiphaso cha unzika analemba la bambo ake, ndipo tsiku lobadwa pa mapepala awiriwa ndi losiyana. Kumudzi aliyense akudziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kompyuta sidziwa. Tengani mafotokope a chiphaso, lipoti la sukulu ndi chilichonse cha MANEB, muwaonetse, mufunse kuti kusiyana kotere kumakonzedwa kuti. Mapepala enieni musawasiye mu ofesi iliyonse. Ndipo mukabwerera, ajambuleni pa foni n'kutumiza kwa wachibale wa kumtunda, chifukwa Shire sanalonjeze kuti wasiya.

Pali zifukwa zitatu zimene anthu amakanira ulendowu, ndipo ziwiri mwa izo n'zomveka.

Choyamba ndi ndalama. Thiransipoti ya mwana ndi kholo kuchokera ku Nsanje kupita ku Blantyre n'kubwerera ndi ndalama yogula chimanga cha masiku ambiri, ndipo sitinganene kuti banja lililonse lichite zimenezo. Koma palibe chifukwa choti banja lililonse lipite palokha. Mafunsowa ndi amodzimodzi kwa ana onse. Sukulu itumize mphunzitsi wa sayansi ndi ana awiri kapena atatu, mtsikana akhalepo, ndalama ichokere ku komiti ya makolo, ndipo akabwerera afotokozere anzawo onse. Masukulu oyandikana athanso kusonkherana galimoto imodzi.

Chachiwiri n'chakuti zonse zili pa intaneti. Zambiri zilipodi, ndipo aliyense awerenge kaye tsamba la KUHeS ndi la NCHE asananyamuke, kuti asakataye nthawi kufunsa zolembedwa kale. Koma chikalata choitana chimalembedwa mwachidule, m'Chingerezi cha mu ofesi, ndipo chimatuluka mwana atalemba kale mayeso. Sichiyankha funso la mwana amene sukulu yake ilibe Physics. Mwana wa dokotala ku Namiwawa mu Blantyre amamva zinthu izi pa tebulo la chakudya kuyambira ali wamng'ono. Mwana wa msodzi wa ku Elephant Marsh alibe tebulo limenelo, ndipo ola limodzi mu ofesi ija ndilo lingalowe m'malo mwake.

Chachitatu ndi chimene tikuchikana kwathunthu: maganizo akuti kukaonana ndi a ofesi ndi kukadziwitsa nkhope kuti adzakukumbukire, ndiye pafunika kunyamula kanthu. Musanyamule kanthu. Mbuzi ayi, thumba la mpunga ayi, nsomba zouma ayi, envulopu ayi. Kwathu kupita kwa munthu chimanjamanja kumaoneka ngati kupanda ulemu, koma ofesi ya boma si pakhomo pa apongozi. Mphatso imamuika wogwira ntchito woona mtima pamalo ovuta, ndipo akhoza kukana n'kulankhula nanu komwe. Chowopsa china n'chakuti maganizo amenewa ndiwo amadyetsa akuba. Nyengo ya kusankha ikafika, pamatuluka anthu oimba foni kapena olemba pa Facebook kuti ali ndi munthu wawo mkati, mutumize ndalama pa foni dzina la mwana lituluke. Amasankha dala mabanja akutali amene sangapite kukafunsa. Ndalama ya fomu imalipidwa mwa njira yolembedwa m'chikalata choitana basi, ndipo risiti yake isungidwe. Wina aliyense wopempha ndalama kuti akonze malo ndi woti mukamunene kupolisi kapena ku Anti-Corruption Bureau. Banja limene linakhalapo mu ofesi yeniyeni n'kumva ndi makutu awo mmene kusankha kumayendera silipusitsidwa msanga.

Phindu lina la ulendowu, limene anthu saliyembekezera, ndi kumva kuti udokotala si khomo lokhalo. Fomu ya NCHE imalola kulemba makosi angapo motsatana ndi mmene ukuwafunira, ndipo ana ambiri amalakwitsa apa. Ena amadzaza mizere yonse ndi makosi olimbiranidwa kwambiri, n'kutsala opanda malo konse. Ena amasiyira wotayipa wa pa sitolo ya intaneti kuti awasankhire, amenenso amalemba nambala yake ya foni m'malo mwa ya mwanayo kapena kulakwitsa nambala ya mayeso. KUHeS yomweyo imaphunzitsa za mano, zomwe zinayamba mu 2019, za mankhwala, za kuyeza m'labotale, za mafizo, ndi unamwino ndi uzamba. Kunja kwa yunivesite kuli Malawi College of Health Sciences, yokhala ndi makampasi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komwe kumachokera ma clinical officer ambiri. Kuli Malamulo ku Thyolo, ndipo m'chigwa mwathu momwemu muli koleji ya anamwino ya Trinity ku Muona. Tisapeputse njira zimenezi. Amene amaona odwala ambiri pa chipatala cha boma ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Ngabu, kapena ku Montfort ku Nchalo, ndi ma clinical officer ndi anamwino, ndipo ambiri mwa maopaleshoni a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma amachita ndi ma clinical officer. Mwana afunse ngati wokhala ndi dipuloma angathe kudzapitiriza mpaka digiri, pakufunika zaka zingati za ntchito, ndipo digiriyo ndi ya chiyani. Asangomva za m'maluwa kuti "udzachita upgrade", chifukwa njira ya ku digiri ina si njira ya ku MBBS.

Kwa amene akuganiza za sukulu yoima payokha kapena ya kunja kwa dziko, ofesi yoyamba kufunsa si ya sukuluyo. Ndi NCHE, kuti mumve ngati kosiyo ndi yovomerezeka, kenako Medical Council of Malawi kapena Nurses and Midwives Council of Malawi, kuti mumve ngati womaliza kumeneko amaloledwa kugwira odwala kuno. Sukulu yofuna fizi yanu idzakuuzani kuti zonse zili bwino.

Sitikubisa chifukwa chimene nkhaniyi ikutikhudzira. Chigwa chino chimavutika kusunga ogwira ntchito zachipatala. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kusefukira kwa madzi ndi kutalika kwa njira zimachititsa ambiri otumizidwa kuno kuwerenga masiku oti apemphe kusamuka. Gogo wa ku Tengani akamafotokoza ululu wake m'Chisena, pamafunika womumva popanda womasulira. Sitikunena kuti mwana aliyense wa kuno akaphunzira adzabwerera, koma amene ali ndi amayi ake ku Ndamera ali ndi chifukwa chobwerera chimene mlendo alibe.

Ndiye pempho lathu likupitanso kumtunda. Ofufuza za malungo ochokera ku Blantyre akhala akutsika mtunda wa Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu kwa zaka zambiri kudzagwira ntchito m'midzi ya Chikwawa, choncho njira ikudziwika. A ofesi yolemba ophunzira ku KUHeS, pamodzi ndi a NCHE, atsikenso kamodzi pa chaka: tsiku limodzi pa Chikwawa kapena Nchalo, lina pa Bangula kapena Nsanje, ndi lina kutsidya kwa Shire, komwe nthawi zambiri kumaiwalika. Abwere ndi pepala limodzi lolembedwa m'Chichewa chomveka lonena maphunziro ofunika pa kosi iliyonse, ndipo aitane ana a Fomu 2 ndi makolo awo, osati a Fomu 4 okha. Maofesi a zamaphunziro a maboma awiriwa ndiwo angalembe kalata yowaitana.

Podikira zimenezo, ahedi asadikire. Nthawi yabwino ndi teremu yomaliza ya Fomu 2, mvula itasiya, misewu itauma, ana asanalembe mayina awo pa maphunziro a Fomu 3. Mphunzitsi amene wapita akalembe mayankho onse pa pepala lalikulu, aike tsiku limene anafunsa, alimate pa bolodi la zidziwitso, ndipo chikalata cha NCHE cha chaka chimenecho chikatuluka achiike pambali pake n'kuyerekeza mzere ndi mzere, chifukwa zofunika pa kosi zimatha kusintha chaka ndi chaka.